Tebulo Lanu Layamba Kuimba

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Kuno tilipo. Ndine Esinati wanu. Zilembo zikapindika mundikhululukire, paja sukulu ndinalekezera Sitandade 4.

Nandolo chaka chino wachita bwino, koma nthochi zanu za kuseri zija zagwidwa matenda. Ine ndikuthyolabe tiyi, ngakhale msana wayamba kudandaula ndi dengu. Mwana wanga Gire wachira ku Makwasa, mwanayo ndi wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu.

Koma nkhani yeniyeni ndi ya Fatsani, mwana wa malemu achimwene, uja munalera inuyo. Musanatisiye munandiuza kuti ndisadzamutaye. Amayi, ndinamutaya. Maliro anu asanathe, tebulo lija anakupangirani bambo linasowa m'nyumba, ndipo anthu anamuona Fatsani atalimanga panjinga akulowera ku Bvumbwe. Ine ndinati basi wakagulitsa. Zaka zitatu osamuyankha moni. Tikakumana pamsika ku Masambanjati ndimayang'ana kumbali.

Lamulungu lapitali, tikutulutsa mwana m'chikuta, anangofika osaitanidwa, ndevu zili mbuu, atanyamula gitala yamagetsi, zija amalumikiza kubatire ya galimoto. Azibambo anaizungulira n'kuyamba kutsutsana za mtengo wake. Aphunzitsi a ku Rumphi oyandikana nafe anati ndi mtengo wakunja, kuno kulibe. Akapitawo athu anati ndi bulugama wamba, yemwe amasonkhezera kufakitale, angomupaka penti yofiira. Fatsani ankangondiyang'ana mwakuba.

Ine ndinakumbuka mmene munkachitira tikapita kunkhuni. Munkati, "Maso amanama, mtengo sunama. Unyamule, ugogode, ununkhize." Mtima unkakana, koma manja anaitenga okha. Paini akanapepuka. Bulugama akanalemera ngati mwala, ndipo bwenzi atang'aluka kalekale. Mkungudza ukanadziulula wokha ndi fungo. Nditagogoda ndi chala, inalira cha pansipansi. Ndinawauza kuti uwu ndi mbawa, ndipo kufiirako si penti, ndi khungu lake, angopakapo vanishi. Aphunzitsi anaseka, amvekere azakhali ayamba liti ukalipentala. Ndiye ndinaitembenuza.

Kumbuyo kwake, Amayi, kuli chipsera chija cha simbi ya makala! Chija ndinaotcha ine ndili mtsikana posita diresi yanu ya kutchalitchi patebulo lija, inu n'kundithamangitsa mpaka m'munda wa tiyi, mpango uli m'manja.

Apa m'pamene Fatsani ananena zonse. Akuti miyendo ya tebulo inali itatha ndi chiswe, ndipo anamva alamu anu akupangana zoliwaza kuti likhale nkhuni za pamaliro. Ndiye analithawitsa. Kalipentala wa ku Bvumbwe anadula thabwa lapamwamba, n'kuikapo khosi ndi mawaya zochokera pa gitala ina yakufa. Ankafuna kupala chipseracho, Fatsani anakana. Akuti anabwera kawiri kudzandifotokozera, ine n'kumutsekera chitseko. N'zoona, ndinatsekadi.

Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, alendo n'kumadabwa kuti kwagwanji. Iye analumikiza mawaya ake n'kuyamba nyimbo ija munkang'ung'udza posita. Tangoganizani, mawu kutuluka m'thabwa lomwe tinkasendererapo chinangwa, lomwe bambo ankagogoda tikamasokosa. Ndinavina, msana osaukumbukanso. Akapitawo nawo anavina, aphunzitsi n'kudzandigwira dzanja.

Munkanena kuti wokwiya samva. Ndavomera, Amayi, ngakhale mochedwa. Fatsani wakhala kuno masiku atatu, wakonza denga la khitchini, ndipo amadya ngati bambo ake. Tebulo lanu tsopano limaimba kutchalitchi kwawo sabata iliyonse.

Ndikulonjeza kuti sindidzamutayanso. Mvula isanayambe tibwera awiri kudzalambula pamene mwagonapo, batire tidzanyamula, kuti mudzadzimvere nokha. Mupereke moni kwa bambo, muwauze kuti mbawa wawo sunafumbwe.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati