Zingwe za Mfundo Zitatu

Sukulu ya Mishoni,
P.O. Hartley,
Southern Rhodesia.
21 Okutobala 1956.

Okondedwa achimwene a Zakaria,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga a Rozina, ndi wa ana onse ku Ntcheuko. Kodi mwendo wa amayi unaphwa? Munandilembera kuti akukana mankhwala a kuchipatala chifukwa sawawa. Auzeni kuti mwana wawo wophunzira walamula kuti amwe, ngakhale masiku ano malamulo anga sakumveka ndi m'nyumba mwanga momwe.

Ife kuno tili moyo. Dzuwa likutiwotcha ngati tinalilakwira. Mwana wathu Felista waguluka mano awiri akutsogolo, ndipo ndikamufunsa m'Chinyanja akundiyankha m'Chishona, nsima akuti sadza. Ine thupi lili bwino. Chanditengetsa cholembera ndi china.

Mlamu wanu Dyness watha masabata atatu osabwera kunyumba. Inu ndinu nkhoswe yanga, choncho khalani pansi bwino.

Mukudziwa kuti ali ndi kashopu kosokera ku lokeshoni ya ku Gatooma. Pakati pa sabata amagona komweko, Loweruka madzulo n'kukwera basi kubwera kuno ku Hartley. Chimene sindinakuuzeni n'chakuti malonda akewo amawayendetsa ndi munthu wina dzina lake Yoswa.

Yoswa ameneyu ndi wa ku Dowa. Sukulu analekezera Sitandade 3. Ali ndi njinga yopanda mabuleki, chipewa chimene mbuzi inachiyamba n'kuchisiya, ndi makutu oti mutha kuyanikapo zovala. Paja amati ukaipa dziwa nyimbo. Ntchito yake ndi kukhala pansi pa mtengo pachipata cha komboni ya mgodi ku Eiffel Flats, n'kumalembera makalata abale athu osadziwa kulemba.

Nzeru yake ndi iyi. Akamaliza kulemba moni ndi madandaulo, amamufunsa mwini kalata kuti amayi kumudzi anavala liti diresi yatsopano. Munthu akagwetsa nkhope, Yoswa amawonjezera mzere umodzi: mayiyo atenge chingwe, amange mfundo zitatu, ya pachifuwa, ya m'chiuno ndi ya kutalika kwake, achiike mu envulopu. Chingwe chikafika, Yoswa amapalasa nacho mpaka kwa Dyness. Dyness amasoka, diresi n'kupita kumudzi pa positi. Mwina ena mwa madiresi amene mumawaona ku tchalitchi anadzera njira imeneyi.

Ndinamvanso kuti mfundo ya m'chiuno ikasuntha kwambiri, pamene mwamuna watha zaka ziwiri ali kuno, Yoswa amapereka chingwecho osanena kanthu, Dyness nayenso amasoka osanena kanthu. Awiriwo amamvana chonchi, achimwene, popanda mawu. Ine ndimalankhula naye zinenero zitatu, koma kawirikawiri amandifunsa kuti ndikutanthauzanji.

M'nyumba mwanga dzina la Yoswa linafika pomveka kuposa la Ambuye. Tikakhala pa chakudya: a Yoswa akuti nsalu ya maluwa ofiira ikuyenda. A Yoswa akuti anthu a ku Dedza amakonda manja aatali. A Yoswa akuti mvula ichedwa. Ine ndinatha zaka zitatu ku Fort Hare, ndinabwerako ndi digiri ndi chifuwa, koma sindinamvepo mlamu wanu akuuza munthu kuti aphunzitsi akuti.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni ndinati ndikamutenge ndekha ku Gatooma. Ndili panja ndinamva kuseka. Sikunali kuseka kwa ulemu kumene amandisekera ine, dzanja lili pakamwa. Anali atasiya makina, atagwira m'nthiti, misozi ili mbwee. Yoswa anali pakati pa shopu akuyerekeza mkulu wina amene amati alembere mkazi wake mawu achikondi, koma chilichonse chimene amanena chimathera pa kufunsa za nkhumba. Ndikuvomera kuti zinali zoseketsa. Ine sindinaseke.

Ndinaonanso malaya amene Yoswa anavala. Matumba awiri pachifuwa, osokedwa kawiri kuti zolembera zisaboole. Msoko umenewo ndimaudziwa. Anga ali ndi thumba limodzi.

Masiku omwewo kunadza mzungu wachinyamata wa kampani ina yotsatsa malonda ya ku Salisbury. Akuti chiyambire Chitaganya makampani otere akusakasaka malonda a anthu akuda. Anasiya kabuku kosonyeza zimene amachita: zikwangwani za mitundu, mapepala ogawa pa siteshoni, ndi chithunzi choonetsa pa bayisikopo filimu isanayambe.

Dyness anabwera nako kunyumba kabukuko. Anati mapanga awiri avumbwitsa, sangasunge Yoswa ndi kampani pamodzi, ayenera kusankha. Mtima wake unali kwa Yoswa, poti amadziwa munthu aliyense m'komboni ndi dzina la mudzi wake. Koma anati andifunse ine kaye, popeza ndinawerenga mabuku. Aka kanali koyamba kundifunsa za shopuyo.

Ndinamuphunzitsa, achimwene, ngati ndili m'kalasi. Ndinati munthu mmodzi amadwala, amaledzera, amafa, koma kampani simva malungo. Ndinati njinga imafika komboni imodzi, pamene chikwangwani chimalankhula ku Gatooma, ku Hartley ndi ku Ngezi tsiku limodzi. Zonsezi n'zoona, mpaka lero ndikhoza kuziikira kumbuyo. Vuto n'lakuti pozinena ndinkaona matumba awiri aja.

Anavomera mozengereza. Anati poti ophunzira anena, tiyese.

Ndinapita ndekha ku Salisbury, suti ndi tayi. Mzunguyo anandilonjera m'Chilapalapa, chiyankhulo cholamulira antchito chija, ngati ndabwera kudzafuna ntchito ya m'khitchini. Ndinamuyankha ndi Chingerezi cha m'mabuku mpaka anafiira makutu, ndipo ndinatuluka ndikudziona ngati ndagonjetsa ufumu wonse. Tinapangana kuti iwo ajambule chithunzi, ine ndilembe mawu a Chinyanja. Kalaliki wawo, bambo wachikulire wa ku Nkhoma, ataona mawu angawo anafunsa ngati mayi mwini shopu awaona. Ndinamuuza kuti agwire ntchito yake.

Chithunzicho chinali cha bambo wa chipewa atakolowekana mkono ndi mayi wa nsapato zazitali. M'munsi mwake ndinalemba kuti: Bwerani ndi amayi a kunyumba Loweruka lililonse, adzayezedwe ndi tepi ngati madona. Mawu amenewa Dyness ndinangomuwerengera mothamanga akukwera basi. Koma panali mzere wina umene ndinawonjezera ndekha pambuyo pake: Zingwe sitilandiranso.

Tsopano ndifike pamene pakundiwawa kulemba. Ndinamupeza Yoswa pa siteshoni ya Gatooma, ndi kumuuza kuti mayi anena kuti asadzapondenso pa shopu, chifukwa anthu ayamba kulankhula. Dyness sananene zimenezo. Iye amafuna kumuitana, kumuthokoza ndi kumufotokozera bwinobwino. Ndipo panalibe munthu amene amalankhula, kupatula ine ndekha mumtima mwanga. Yoswa anavula kachipewa kake kaja, nati wamva, n'kukwera njinga.

Zikwangwani zinamatidwa paliponse: pa siteshoni, pa holo ya mowa, pachipata cha komboni, pamtengo womwe uja wa Yoswa. Kunena zoona zinali zokongola. Ndinayenda mtunda kukaziona, manja kumbuyo.

Inu munagwirapo ntchito kuno, mwaona kale pamene ndinagwera. Amayi a kunyumba a anthu a pamgodi ali kuti? Ali ku Ntcheu, ku Dowa, ku Mlanje, akulima. Mkazi amene munthu wa m'komboni angabwere naye pa shopu Loweruka ndi uja wongophikirana naye kuno, amene amati wa mapoto.

Loweruka loyamba kunabwera amuna atatu, aliyense ndi wake wa mapoto, atavala bwino, akuyenda ngati a pachithunzi paja. Kutsidya kwa msewu kunadzaza anthu oonerera, ena atabwera ndi mipando. Pofika madzulo komboni yonse inali itaitcha shopu ya mlamu wanu kuti shopu ya mapoto.

Loweruka lachiwiri a Jobu Kalilombe, mkulu wa mpingo, munthu woti ngakhale nkhuku yaikazi saiyang'ana kawiri, anangobwera kudzatenga diresi ya akazi awo imene inasokedwa kale. Wina anawaona akulowa. Nkhani inakwera sitima. Pano akazi awo, amene ali kumudzi ku Dedza, alembera abusa, ndipo a Jobu aimitsidwa kugawa mgonero mpaka mlandu utakambidwa.

Kuchokera pamenepo palibe mwamuna wa ulemu wake amene amadutsa pakhomo pa shopuyo. Zingwe zinaleka kubwera. Makina ali duu, atafunditsidwa nsalu. Ndinalembera kampani ija. Anayankha mwaulemu kuti chithunzi chinali chawo koma mawu anali anga.

Kenaka Dyness anakumana ndi Yoswa pa msika. Anamufunsa chifukwa chimene anachokera osatsazika ngati wakuba. Yoswa sananene zambiri, koma mlamu wanu si mwana.

Dyness anabwera kunyumba Loweruka la sabata yomweyo, chikwangwani chimodzi atachipinda m'chikwama. Anadikira Felista apite kukasewera, n'kuchiyala patebulo, chala chili pa mzere wa zingwe uja. Sanakweze mawu. Bwenzi zili bwino akanakweza.

Anati: “Aphunzitsi, zaka zonse zija ku sukulu sanakuuzeni kumene mkazi wa munthu wa pamgodi amakhala? Chikhala munandifunsa ngati ndikumufuna Yoswa, ndikanakuyankhani pomwepo. Koma inu munakafunsa azungu a ku Salisbury.”

Ndinayamba kufotokoza za mmene malonda amayendera m'maiko otukuka. Anandidula mawu. Anati shopu ikhoza kudzukanso, koma kumuikira mawu m'kamwa, ndi kumunamizira chigololo chimene ngakhale adani ake sanachiganize, imeneyo ndi nkhani ya ankhoswe. Lamulungu m'mawa anakwera basi. Ndi masabata atatu ndanena aja.

Dzulo ndinameza malovu n'kupita ku Eiffel Flats. Yoswa anali pansi pa mtengo wake, bokosi pamiyendo, anthu asanu ndi awiri ali pamzere. Ndinaima pambuyo pawo, suti yanga ikumwa fumbi. Mkulu wina anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tayi, nandifunsa mwachifundo ngati nanenso sindidziwa kulemba.

Nthawi yanga itakwana, Yoswa anaimirira n'kundipatsa mpando wake. Ndinakonzekera mwano, achimwene, ndinali nawo mayankho ake m'thumba. Munthuyo anandifunsa za mano a Felista. Kodi munthu wotere ungamuthe bwanji?

Ndinamuuza kuti mawu a pa siteshoni aja anali anga. Anati anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa mayi akafuna kukalipira munthu satuma. Za kubwerera ku shopu, anati abwerera mayi akamuitana ndi pakamwa pawo, osati kudzera mwa wina aliyense, ndipo zitenga miyezi kuti zingwe ziyambenso kubwera. Za a Jobu anati walemba kale makalata awiri ku Dedza ofotokoza zoona, osalipiritsa.

Ndikunyamuka anandiuza chinthu china, nati ndi bwino ndichimve kwa iye. A Zefaniya, amalume a Dyness amene ali nkhoswe yake, amagwira ntchito pamgodi womwewo. Lachisanu anabwera pamtengopo kudzalembetsa kalata yopita kwa inu. A Zefaniya sadziwa kulemba.

Mwamva, achimwene? Mlandu wa banja langa, zolakwa zanga zonse, zili m'njira kubwera kwa inu m'zilembo za Yoswa.

Ndinamufunsa zimene zili m'kalatamo. Ndinafunsa kawiri, kachiwiriko mawu anga sanali a munthu wa digiri. Anapukusa mutu.

Anati: “Pepani aphunzitsi, kalata ya munthu ndi ya mwini wake. Nanunso mukadzandilembetsa yanu, sindidzauza munthu.”

Choncho kalata ziwiri zikuthamangitsana pa njanji, ndipo yawo inanyamuka masiku awiri patsogolo. Poyamba ndimati ndikupempheni kuti muyambe kuwerenga yanga. Tsopano ndaona kuti palibe kusiyana. Sindikukhulupirira kuti munthu uja wawonjezeramo bodza ngakhale limodzi, ndipo chimenecho ndiye chikundipsetsa mtima koposa.

Pempho langa ndi ili. Muwayankhe msanga a Zefaniya. Musanditeteze, musatchule za maphunziro anga, atopa nawo. Munene kuti mbali yathu yalakwa ndipo ikupepesa, ndi kuti chimene akagamule ankhoswe ndichita, ngakhale kukaima pamaso pa mpingo kuyeretsa dzina la a Jobu. Za shopu, Dyness asankhe yekha amene akumufuna, ine pakamwa ndatseka. Chimene ndikufuna n'chakuti abwere kunyumba. Felista amakakhala pa msewu Loweruka lililonse kuyambira masana, ndipo ine ndimayerekeza kuti ndikukonza mpanda kuti ndiziona basi ikamaima.

Ngati angafunse kuti mwini wakeyo akuti chiyani, mulembe kuti ndavomera kuti Yoswa amaidziwa ntchito yake kuposa ine ndi kampani kuphatikiza pamodzi. Ndalemba kamodzi. Musandiuze kuti ndibwereze.

Mundiperekere moni kwa amayi, koma nkhaniyi muwauze mwendo ukaphwa. Moni kwa alamu anga a Rozina, amene ndikudziwa kuti aseka mpaka kukhala pansi, ndawakhululukira kale. Moninso kwa a Yosefe ndi banja lawo, kwa achemwali a Loyce, ndi kwa ana onse. Mulungu akusungeni, akupatseni mvula yabwino, ndipo inu akupatseni mawu ofewa kuposa anga.

Ine mng'ono wanu,
Gordon Chalo.