Mpeni wa nkhadze ndi diso la amayi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Malomo ana ali bwino, koma amayi sali bwino.

Paja khungu la m'zikope mwawo linkang'aluka ndi fumbi la fodya. Ndine ndinawauza kuti azipakapo alovera. Ndinawalembera zonse papepala: asambe m'manja, adule tsamba, adikire madzi achikasu aja atuluke, kenako apake pang'ono, kunja kokha. Za mpeni sindinalembe. Iwo anadulira alovera mpeni womwe anali atangosadzira mpanda wa nkhadze, utomoni ukadali pomwepo.

Ndinawapeza atagwira kumaso, misozi ili chuchuchu, akundiuza kuti, "Aphunzitsi, pepala lanu lija ndalitsatiratu lonse."

Kuchipatala anawatsuka m'maso n'kutipatsa mankhwala odontheza. Ndimadontheza pa nthawi yake, sindinaphonyepo, koma ino ndi sabata yachitatu diso lamanzere likungoona chifunga. Lamanja nalo layamba kufiira.

Mafuta opaka munkati mutumiza aja asiyeni. Bwerani nokha, adzakuoneni diso linalo lisanatseke. Ambuye akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Esinati