Khofi la Agogo Latibwezera Linga

Provins,
Lachitatu lotsatira Pasaka.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi chifuwa chija chinasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti kavalo wanga akutsimphina, ndipo buledi wa kuno ndi wouma ngati chikuni.

Amayi, masulani katundu. Linga la Rochevrel ndi lathu, simuchokamo! Mlandu unatha dzulo pamaso pa Ambuye a chigawo chino, ndipo mpaka pano ndikungomwetulira ndekha ngati wopenga.

Koma zinayamba moipa. Bambo aang'ono, a Gaucher, ananena kuti agogo sanapereke lingalo kwa malemu bambo, anangowasungitsa, ndiye poti bambo anatisiya, mwini wake ndi iwo. Chikalata cha umwini wa lingalo chinapsa ndi moto uja, akuluakulu amene anaona zonse ali kumanda. Ine anati ndine kamwana konunkha mkaka kongoyesa nsapato za atate. Anthu anaseka, ine magazi anawira.

Atandipatsa mpata ndinafotokoza za tsiku lija pansi pa mtengo wa pachipata, pamene agogo anaika chibuma cha dothi ndi kanthambi m'manja mwa bambo posonyeza kuti awapatsa lingalo, kenako n'kutiwomba makofi ife ana awiri kuti tisadzaiwale zimene tinaona. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo mukumbukira kuti ndinalira mpaka kukana chakudya. Ambuye anati munthu sadziikira yekha umboni, ndipo anafunsa kuti mwana winayo ali kuti.

Anali pomwepo, ataima kumbuyo kwa atate ake. Renier, mwana wa a Gaucher omwewo. Ndinangoti basi zathera pano. Atate akewo anamuyang'ana ndi diso lija mumalidziwa. Renier anagwira khutu lake nati, "Pepani atate, khutu ili silimva bwino mpaka lero, ndiye ndingaiwale bwanji? Dothi lija analandira ndi bambo aakulu, agogo anati lingalo ndi la bambo aakuluwo ndi ana awo, ndipo inuyo munali pomwepo."

Ambuye ndi amene anayamba kuseka, n'kunena kuti nkhalamba ija inali ndi dzanja loposa cholembera. Pomwepo ndinagwada, ndinaika manja anga m'manja mwawo, ndinalumbira kuti ndine munthu wawo, iwo n'kundipsompsona ndi kunditchula mwini Rochevrel. Misozi inatsika, sindibisa. Ndikanakonda bambo akanaona.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Titatuluka, bambo aang'ono anamuuza Renier pamaso pa anthu kuti iwo alibenso mwana, anamulanda kavalo ndi lupanga. Ndikubwera naye. Ndikudziwa kuti tsiku la maliro a bambo munalumbira kuti wa m'nyumba ya a Gaucher sadzapondanso pakhomo panu. Chonde Amayi, lumbiro limenelo limulambalale ameneyu. Mumukonzere chipinda cha pamwamba pa chipata, ndipo akamalowa mumutchule mwana wanu. Alibe kwina kopita, ndipo akanangokhala chete dzulo, osowa kopita tikanakhala ife.

Moni kwa mlongo wanga Hélissent, mumuuze asiye kulira, kwa masisitere sapitakonso. Moni kwa azakhali a Mahaut, ndi kwa amalume a Foulques, amene ankati mlanduwu sindingauthe. Tinyamuka kavalo akachira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Aymeri, mwini Rochevrel