Phanga la Pathebulo Lopindira Nsalu

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga mwendo wa amayi uja ukupola? Ine chifuwa chija chinasiya. Ntchito ikadali yomwe ija, kuchapa nsalu za hotela m'chipinda chapansi chopanda zenera.

Pali nkhani imene ikundikanika pafoni. Mnzathu wina wosita, amene timamutcha Magalasi, anabwera ndi masewera a m'bokosi. Timasewera anayi nthawi yopuma masana, pathebulo lopindira nsalu. Aliyense amatenga kachidole kake: wankhondo, wauta, wamatsenga kapena sing'anga. Tonse timalowa m'phanga kukasaka chuma. Zipinda za phangalo ndi makhadi ovundikira. Ukavundukula, mwina upeza golide, mwina chilombo. Zilombozo n'zoseketsa, china chinavala mphika kumutu. Umaponya dayisi, ndipo manambala akakukana umachotsa mkanda umodzi pa mikanda isanu ya moyo wako. Ikatha, kachidole kako amakagoneka chammbali.

Mnzako akagwa ukhoza kumunyamula, koma chuma umachisiya, ndipo umayenda chipinda chimodzi m'malo mwa zitatu.

Mwezi watha, wankhondo wa mayi wina wosoka mayunifolomu anagwa pamene phanga linayamba kugumuka. Mayiwo anandiuza uku akuseka kuti ndiwasiye ndithawe, poti ine ndinali pafupi ndi khomo. Achemwali, mawu awo ndi omwe aja anandiuza achimwene mumgodi, mwala utawapana miyendo. Pakati pa fungo lonse lija la sopo ndinamva dothi lonyowa. Ndinabwerera, n'kunyamula kachidoleko, ndipo tonse awiri tinakwiririka. Anzanga anaseka, amvekere chifundo chinapha nkhwali. Nanenso ndinaseka. Sankadziwa kuti ndinagwirapo ntchito mumgodi.

Chiyambire tsiku limenelo sindinapambanepo. Wina akangogwa, dzanja langa limabwerera lokha. Makina ochapira akamazungulira ndimamva ngati munthu akugogoda paipi, katatu, n'kuleka, monga amachitira otsekeredwa mumgodi. Ndimazimitsa makinawo kuti ndimvetsere, mpaka kapitawo wandichenjeza kawiri.

Dzana Magalasi anandifunsa chifukwa chimene ndikuwonongera masewera. Ndinamuuza zonse. Anayamba kubwezera mikanda m'kathumba. Kenako anati tizidoleto ndikhoza kutinyamula mpaka ukalamba, koma amene ayenera kumva nkhaniyi si iyeyo.

Pamaliro a achimwene ndinauza alamu kuti amuna awo anafera pomwepo, sanamve ululu. Ndinanama. Pamene ndinkathawa achimwene anali akulankhulabe. Anandituma kuti ndikauze akazi awo kuti asamadikire pakhomo, alowe m'nyumba, kukuzizira. Zaka zinayi ndasunga mawu amenewa, poopa kuti alamu adzandifunsa kuti ndinawasiyiranji munthu wamoyo.

Pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa alamu mukawawerengere kalatayi, osadumpha mzere ngakhale umodzi. Akafuna kundifunsa pamaso, ndipempha tchuthi ndibwere. Akakana kundiona, mundiuze momwemo, musandibisire.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume ndi kwa ana anu onse. Kwa alamu musapereke moni wanga kufikira atamva.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira wa amayi