Malo Anga M'timu Sindiwasiya

Fort Jameson, 9 Juni 1959

Okondedwa achimwene a Matiyasi,

Muli bwanji ku Wanki kumeneko? Kuno tili bwino, mtedza takumba kale.

Timu yathu ya basiketibo ku mishoni yalandira mnyamata watsopano, Bizwell, wochokera ku Nyasalande. Ndi wamfupi koma waliwiro, ndipo salandidwa mpira. Ine ndinavulala bondo, ndiye iye akusewera pamalo anga. Chibwerereni iye tapambana katatu, ine ndikuonerera kunja. Wansembe wotiphunzitsa akuti, "Simoni, bondo lakolo lipume kaye." Koma Bizwell akaponyera patali amaphonya, ndiye ine m'mawa uliwonse ndikumaponya kamakumi asanu ndisanapite kumunda.

Lusiya, amene ndinamufunsira uja, wayamba kumabwera kubwalo. Sindinamufunse kuti amadzaonerera yani.

Loweruka tisewera ndi anyamata a kuboma. Bondo liwawe lisawawe, ine ndilowa.

Ndine mng'ono wanu,
Simoni