Bibi Safiya Wagona Kuseri kwa Sitolo

Amayi anga, kodi muli bwanji uko munapita?

Kuno ku Zemba tilipo, koma pang'ono. Mtedza wavunda ndi mvula yosakata, nkhuku zatha ndi chitopa, bambo a ana ali zii ku Halale, ngakhale kalata. Chokoma n'chakuti mng'ono wanga Enelesi wabereka mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni.

Koma ndalembera za Bibi Safiya, mkazi wa a Yusufu, Mmwenye wa sitolo uja, amene munkamuchapira zovala. Amayi, watisiya Lachinayi.

Mukukumbuka mmene munkamusekera, mwana wa mfumu ya ku India wosadziwa kukoleza moto? Ankatiuza kuti atate ake ankakwera njovu, iye ali ndi mtsikana wongomupesa tsitsi. Dziko lawo litagawika pawiri nyumba yachifumu inalandidwa, abale n'kubalalika, iye n'kukwatiwa ndi wamalonda amene anam'bweretsa kuno. Zaka zonsezi kuseri kwa katani, wocheza naye inu nokha. Koma inu mutamwalira anatuluka, anabwera wapansi kusiwa, anakhala padothi pakati pa amayi n'kugwetsa misozi mpaka kumanda. Anthu kukamwa yasa.

Munkati, "Maliro n'kulirana." Mawu amenewo ndiwo andiika m'mavuto.

Asilamu sagoneka mtembo. A Yusufu anafuna kupita naye ku manda awo ku Foti Jemusoni, koma mtsinje unasefukira, lole osawoloka. Mkazi wachisilamu womusambitsa panalibe, ndiye anapempha ine, misozi ili m'ndevu. A Phiri, akulu a mpingo, anandichenjeza kuti ndikakhudza za Chisilamu andiimitsa pa mgonero. Ndinayenda khomo ndi khomo kuitana anzanu aja. Ati Amwenye salira maliro athu. Ha! Ndinati, nanga uja anakhala padothi tsiku lija anali ndani? Palibe amene ananditsata.

Ndinalowa ndekha. A Yusufu anaima kunja kwa chitseko akundiuza chochita: kuyambira kudzanja lamanja, kusambitsa katatu, tsitsi kuliluka patatu. Thupi lopepuka ngati la mwana, Amayi. Nditamukulunga m'nsalu yoyera ndinachita zimene munandiphunzitsa, ndinatuluka pabwalo n'kubuma kuti mudzi umve. A Yusufu anathamanga akundiletsa ndi manja onse awiri, ati kwawo kufuula kumasautsa wakufa. Ndinalowetsa chitenje m'kamwa. Kumanda nakonso akuti akazi safika. Ndinaonerera patali a Yusufu ndi antchito atatu akumuika kuseri kwa sitolo, nkhope italoza kumpoto kumene ankagwadira popemphera.

Lamulungu dzina langa analitchula m'tchalitchi, ndaimitsidwa miyezi isanu ndi umodzi. Zimenezo sizikundiwawa kwenikweni. Chikundiwawa n'chakuti mwana wa mfumu wapita popanda nyimbo, popanda womulira. Misozi imene anakulirirani ndalephera kum'bwezera.

A Phiri akuti Asilamu amapita kwina. Ine kaya. Mukamuona kumeneko, Amayi, mumulandire. Sadziwa munthu aliyense, ndipo moto mukudziwa kale kuti sautha.

Ndikulonjeza kuti tsiku lolimira manda anu ndizilimiranso ake, mpingo unene zimene unganene.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Malita