Mawu a mumzere wachitatu

Lolemba, 4 Malichi
Kalata yondichitira umboni yatuluka, patatha milungu itatu ndikupempha. Abwana aiponya patebulo lodulira nsalu ngati fupa la galu. Zaka zinayi ndikuwasokera, mizere inayi basi. Mumzere wachitatu muli mawu achilendo: meticulous. Ndawakopera chilembo chimodzichimodzi. Kufakitale ya mayunifolomu akufuna makalata Lachisanu.

Lachiwiri, 5 Malichi
Ndaonetsa alamu, poti amati Chingerezi anachimwa ngati madzi. Kuvala magalasi, kutsokomola, kuyang'ana kudenga. Akuti ndi chipongwe, munthu wochedwa pa ntchito. "Ing'ambeni mlamu, akuyalutsani." Achemwali kumangogwedeza mutu. Alamuwo mabatani a malaya amanga mophonya. Sinding'amba chinthu chimene sindinachimve.

Lachitatu, 6 Malichi
Aphunzitsi ena opuma anabwera kudzayesa jekete imene tikuwasokera. Funso la mawu aja lili pakamwa, ine kumangobaya mapini mpaka anapita. Chitsiru ine.

Lachinayi, 7 Malichi
Aphunzitsi aja abwera kudzatenga jekete. Mawuwo ndinalemba pakapepala, n'kukaika pamwamba pa jekete. Akuti amanena munthu wosamala kanthu kalikonse, ngakhale kochepetsetsa. Si chipongwe. Alamu ndi magalasi awo!
Kenako awonjezera kuti anachokera ku Chilatini, ku mawu otanthauza mantha, ndipo kale ankanena munthu wamantha. Anaseka okha.
Zandikhala pamtima tsiku lonse. Abwana Chilatini sachidziwa, koma maganizo awo ndi omwewo. Amayesa ndimamasula msoko wokhota poopa kukalipa kwawo. Ayi. Msoko wokhota umangondinyansa. Awo amene amabisa ulusi wolendewera ndi ayironi, ndiwaope chiyani?

Lachisanu, 8 Malichi
Kufakitale. Atsikana pafupifupi makumi atatu, ena mafuta onunkhira ngati akupita ku ukwati. Mayi woyang'anira kalata ija sanaitsegule n'komwe. Aliyense makina, kolala imodzi, mphindi khumi. Anzanga anatha msanga, kumacheza. Ine kona imodzi inatuluka yobuntha. Ndinamasula, kusokanso. Belu linalira ndikudula ulusi womaliza.
Mayiyo anaitembenuza kolalayo, kuyang'ana kunsi nthawi yaitali. "Lolemba, seveni koloko. Koma kuno timathamanga."
Ndinangoti chabwino.

Loweruka, 9 Malichi
Ndiwauze abwana lero kuti ndikusiya ntchito. Mawu ndayeserera kasanu panjira. Diresi la eni limene ndinayamba ndimalize kaye mpendero, asadzalipatse wina aliwononge.